Momwe Mungayendetsere Ntchito Yochotsa Mtovu M'makomo

Ntchito zambiri zolimbana ndi mtovu (lead), chitsulo chapoizoni chopezeka m'mabatire ndi m'mapenti ena, zimafera pamalo amodzi. Gulu la azaumoyo limafika m'dera, kuyeza ana magazi, kulemba manambala m'kaundula, kuuza amayi kuti azisambitsa ana m'manja, n'kunyamuka. Pakatha miyezi itatu mwana akayezedwanso, nambala ili pomwe ija kapena yakwera, chifukwa akukwawabe pabwalo lomwelo ndipo tizala take tikulowabe m'kamwa.

Malangizowa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo woyendetsa ntchitoyi, kaya ndinu woyang'anira alangizi a zaumoyo, wa zaukhondo ku khonsolo, namwino wamkulu kapena wa bungwe lothandiza m'dera. Mtovu sununkha, suoneka m'fumbi, ndipo ana ambiri amene ali nawo m'thupi amaoneka athanzi. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu womwe wameza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Ubongo ukawonongeka nawo subwereranso mwakale. Choncho magazi a mwana ndi ongokulozerani khomo. Ntchito yeniyeni ili pakhomopo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Makina oyezera mtovu m'magazi a pachala. Odziwika kwambiri ndi LeadCare II. Pakhale zipangizo zake zonse, tobayira pachala, magolovesi, thonje ndi bokosi lotayiramo zobaya.
- Sopo, ndowa ya mpopi yodzaza madzi aukhondo ndi mapepala opukutira m'manja.
- Makina a XRF ogwira pamanja, oyezera dothi, penti ndi ziwiya pomwepo. Ndi odula, ndiye yambani mwafunsa ku yunivesite kapena mabungwe amene ali nawo. Amatulutsa mphamvu ya X-ray, choncho awagwire munthu wophunzitsidwa.
- Timatumba ta pulasitiki totseka kukamwa, masupuni a pulasitiki ndi cholembera chosafufutika.
- Kaundula wa ana ndi kaundula wa nyumba, onse awiri olumikizidwa ndi nambala imodzi.
- Mafosholo, makasu, mawilibala, mapepala akuluakulu a pulasitiki, zikolopa, nsanza, maovololo, magambuti ndi mamasiki osefa fumbi a P3 kapena P100. Mamasiki a nsalu sathandiza pano.
- Mgwirizano wolembedwa ndi chipatala cholandira ana odwalitsa, komanso labotale yotha kuyeza magazi a mumtsempha.
- Malo otayira dothi loipa ovomerezedwa ndi khonsolo ndi bungwe loona zachilengedwe, lomwe ku Malawi ndi MEPA ndipo ku Zambia ndi ZEMA.

Ngati ziwiri zomalizazi palibe, musayambe kaye.

1. Dziwani kumene mtovu ukuchokera m'dera lanu

Madera amasiyana. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, ndipo mulu wa zinyalala zake ulipobe. M'makomboni oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, vuto lalikulu ndi dothi la pabwalo ndi fumbi louluka ndi mphepo. Ku Ndirande kapena ku Kawale kulibe mgodi wotero, ndiye maso anu apite kwina.

Yendani wapansi m'deralo ndi alangizi a zaumoyo, mukulemba pa mapu malo awa: okonzera ndi kuswera mabatire a galimoto ndi a sola, magalaja, osungunulira zitsulo zakale n'kuumba mapoto, ogulira zitsulo zakutha, komanso nyumba, masukulu a mkaka ndi zipatala zokhala ndi penti wa mafuta wosendeka. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza mapenti ogulitsidwa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, linapeza mtovu wambiri m'mapenti ena a mafuta. Mitundu yokayikitsa kwambiri imakhala yachikasu, yofiira, yaolenji ndi yobiriwira. Penti wa madzi kawirikawiri sakhala ndi vutoli.

Chenjezo: musafike ndi yankho lanu kale. Anthu amene anawerenga za ku America amangofunafuna penti, poti kumeneko nkhani yaikulu ndi ya nyumba zomangidwa chaka cha 1978 chisanafike. Kwathu kuno batire limodzi loswedwa kuseri kwa nyumba lingaposeretu khoma lonse.

2. Konzani chochita ndi zotsatira musanabaye mwana ngakhale mmodzi

Apa ndi pamene ntchito imapulumukira kapena kufera. Khalani pansi ndi dokotala wa ana, wa ku labotale ndi wa ku famase, mulembe papepala limodzi kuti nambala iliyonse ikatuluka muchita chiyani, achite ndani, pasanathe masiku angati. Mtovu wa m'magazi umawerengedwa mu µg/dL, kutanthauza mamayikulogalamu a mtovu mu desilita imodzi ya magazi, ndipo manambala ali m'munsiwa ali mu muyezo umenewu.

- Kuyambira 5: malangizo a World Health Organization a 2021 amati fufuzani gwero ndi kulichotsa. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limayambira pa 3.5.
- Pakati pa 20 ndi 44: tsimikizani ndi magazi a mumtsempha pasanathe milungu iwiri, ndipo nyumba imeneyi ikhale patsogolo pa mndandanda.
- Kuyambira 45: tsimikizani pasanathe maola 48. Apa dokotala amaganizira mankhwala okoka mtovu m'thupi monga succimer.
- Mwana amene akusanza, kukomoka, kugwedezeka ngati wa khunyu kapena kungogona osadzuka bwino apite kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira nambala.

Funsani mosazungulira ngati mankhwalawo alipodi m'famase, ndipo ngati palibe, atenga nthawi yotani kuti afike. Kuuza mayi kuti mwana wake ali ndi poizoni m'magazi inu mulibe kom'tumiza ndi kumusenzetsa katundu amene sangathe kumutula.

3. Lowerani kwa mafumu ndi eni nyumba

Nkhani ya magazi ndi yofunika kuiyendetsa mwaulemu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo ntchito zina za mabungwe zinaima. Musatulukire m'mudzi ndi galimoto yachilendo ndi timachubu m'manja. Yambani kwa a gulupu, a nyakwawa, mafumu a m'tauni, komiti ya zaumoyo, abusa ndi mashehe. Aonetseni makinawo, aone okha kuti magazi ofunika ndi kadontho chabe, kuti yankho limatuluka m'mphindi zochepa kholo likuona, ndiponso kuti zotsala zimatayidwa poyera. Wobaya akhale mlangizi amene anthu amamudziwa kale ku sikelo.

Eni nyumba za lendi muwaitane padera. Akangomva kuti nyumba yawo yalembedwa kuti ndi yoopsa, ena amathamangitsa banja lomwe linalola kuyezedwa. Auzeni kuti mwabwera kudzakonza, ndipo mayina a ana ndi zotsatira zawo zisatchulidwe pamsonkhano.

4. Sankhani oyamba kuyezedwa

Zipangizo sizikwanira aliyense. Yambani ndi ana osakwana zaka 6, makamaka a chaka chimodzi mpaka zitatu amene akukwawa ndi kutola chilichonse, kenako amayi oyembekezera, ndi ana a anthu ogwira ntchito za mabatire, zitsulo ndi penti. Tsiku la sikelo ndi labwino chifukwa amayi abwera kale ndi timabuku ta kuchipatala.

5. Yezani mosamala

1. Sankhani chipinda chokolopa bwino, kutali ndi msewu wafumbi, ndipo tebulo muliyale pepala laukhondo.
2. Sambitsani mwana m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda, mpaka m'zikhadabo. Sipiriti amapha tizilombo koma sachotsa mtovu.
3. Pukutani ndi pepala latsopano, osati chitenje cha amayi, ndipo gwirani dzanjalo kuti asakhudze kanthu.
4. Bayani, pukutani dontho loyamba, mutenge lachiwiri osafinya chala mwamphamvu.
5. Lembani nambala m'kaundula ndi m'kabuku ka mwana nthawi yomweyo.

Kachidutswa ka fumbi kotsalira pachala kangakweze nambala ya mwana wabwinobwino, n'chifukwa chake nambala yokwera imafuna kutsimikizidwa. Dziwaninso malire a makina anu. LeadCare II imawerenga kuchokera pa 3.3 kufika pa 65, ndipo kupitirira apo imangosonyeza kuti zakwera. Kumadera ngati Kabwe ana ena amapyola malirewo. Magazi a mumtsempha musawaike m'makina omwewa, apite ku labotale yoyeza m'njira ina. Zipangizo musazisiye m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala.

6. Tsatirani mwana kunyumba kwake

Ili ndiye gawo lofuna nthawi yanu yambiri. Pitani awiri, wina wofunsa, wina woyeza, pa nthawi imene wolera mwanayo alipo. Kawirikawiri amakhala agogo kapena mchemwali wake, osati amene anabwera naye ku sikelo.

Mukapatsidwa mpando ndi kulonjerana, funsani kuti, "Mayi, mwanayu amatandala pati kuyambira m'mawa mpaka madzulo?" Kenako nyamukani akulozereni malowo. Gwadani pansi muone nyumbayo pa msinkhu wa mwana. Mukatero muona zimene woimirira saziona: mphuthu ya zenera yolumidwa ndi timano ta mwana, tizidutswa ta penti tagwera m'mphepete mwa khoma, ufa wotuwa pakhonde pamene abambo amatsukira mitu ya batire, kakona ka pansi pa mtengo kamene ana amaphikira masanje ndi dothi.

Funsani zimene anthu sanena okha. Kodi pakhomo pano alipo wogwira ntchito ku galaja, kowotcherera, kopenta kapena kotola zitsulo? Zovala zake amavulira kuti, amachapa ndani, m'beseni liti? Batire la sola likafa limapita kuti? Kodi nyumbayi yapalidwa kapena kupentedwa posachedwa? Poto wophikira phala la mwana anagulidwa kuti? Kodi mayi woyembekezera amadya dothi, ndipo amalitenga pachulu chiti kapena kumsika uti? Alipo mankhwala achikuda, ufa wopaka m'maso kapena pamchombo umene mwana amapatsidwa? Mafunso awiri omalizawa afunseni motsitsa mawu, opanda kudzudzula, apo ayi simumva zoona.

Woyeza ayambe pomwe mwana amasewera, kenako pakhomo lolowera, m'munsi mwa makoma, pamalo ophikira ndi padimba la masamba. Mtovu umakonda kukhala m'dothi lapamwamba, ndiye musakumbe mozama potenga dothi lopita ku labotale. Mu 2024 bungwe la EPA, loona zachilengedwe ku America, linatsitsa mlingo woyambira kufufuza dothi la pakhomo kuchoka pa 400 ppm kufika pa 200 ppm (ppm ndi magawo a mtovu pa magawo miliyoni imodzi). Manambala amenewa angakuthandizeni kuika nyumba m'magulu, koma mlingo woti mugwire nawo ntchito mugwirizane ndi bungwe loona zachilengedwe. Jambulani kamapu ka pakhomopo m'kaundula, mulembe nambala pamalo aliwonse, kuti wobwera pambuyo panu adzayeze malo omwewo.

Chenjezo: timitengo ta thonje tosintha mtundu tikakhudza mtovu timaphonya mtovu wochepa. Tikapanda kusintha mtundu musauze banja kuti zonse zili bwino. Ndipo mukapeza gwero limodzi musapakire zida n'kupita, chifukwa nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi magwero awiri kapena atatu.

7. Chotsani gwero

*Dothi.* Ana ndi amayi oyembekezera achoke pakhomo tsiku la ntchito. Tsekani zitseko ndi mazenera, phimbani migolo ya madzi, anulani ufa ndi zovala. Wazani madzi kuti fumbi lisauluke, palani dothi lapamwamba, yezaninso, ndipo pitirizani mpaka nambala itatsika. Dothi lochotsedwa lilowe m'matumba kapena m'galimoto yophimba, lipite kumalo ovomerezedwa aja tsiku lomwelo. Likagona pamsewu, m'mawa mupeza wina walitenga kukazirira nyumba kapena kuumba njerwa. Dothi latsopano muliyeze lisanatsitsidwe. Pamwamba pake ikani miyala ing'onoing'ono, njerwa kapena simenti pamalo osewerera. Kapinga ndi wabwino, koma amafuna madzi, ndipo banja logula madzi pa ndowa silingamuthirire m'chilimwe. Gwirani nyumba zoyandikana nthawi imodzi, kuphatikiza tinjira ndi mabwalo a masewera, chifukwa bwalo limodzi lokonzedwa pakati pa oipa limadetsedwanso kamvuluvulu akangodutsa.

*Penti.* Amene adakali wolimba, wosasendeka, musamusokoneze. M'tsukeni ndi kupaka pamwamba penti wopanda mtovu. Wosendeka mumunyowetse kaye, muyale pulasitiki pansi, mupale pang'onopang'ono, mukulunge zinyalala zonse m'pulasitikimo, kenako mukolope kawiri ndi madzi osiyana. Osakwecha ndi sandipepa pouma, osagwiritsa ntchito gulainda, osawotcha ndi moto. Zitseko ndi mafelemu akale openta asasanduke nkhuni.

*Mabatire.* Lamulo likhale limodzi: batire siliswedwa kapena kusungunulidwa pakhomo. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wa mabatire umene anthu ankatola ndi kusefa m'makomo. Koma kumbukirani kuti ntchitoyi ndi imene ikudyetsa banja. Mukangoletsa, ilowa m'chipinda chogona kumene simungaione. Kambiranani ndi khonsolo ndi ogula mabatire akutha kuti pakhale malo osonkhanitsira mabatire athunthu, osatayidwa asidi, kutali ndi nyumba ndi zitsime.

*Zovala za kuntchito.* Zivulidwe kuntchito komweko kapena panja, zichapidwe pazokha, ndipo bambo asambe asananyamule mwana.

*Mapoto.* Kafukufuku wa ku Cameroon ndi mayiko ena anapeza kuti mapoto ena oumbidwa ndi zitsulo zakale amatulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chowawasa. Ngati poto wa pakhomo wapezeka nawo, thandizani banja kupeza wina wophikira mwana. Podikira, asasungemo ndiwo za tomato usiku wonse, ndipo asamukweche ndi mchenga.

8. Phunzitsani zochepa zimene banja lingathe

Uthenga wautali umaiwalika pofika pachipata. Sankhani zinayi. Kuwaza madzi musanasese ndi kukolopa m'malo mokupiza fumbi. Kusambitsa mwana m'manja ndi sopo asanadye ndi asanagone. Kumukhazika pamphasa yochapidwa, osati padothi, ndi kusiya nsapato panja. Kumudyetsa pafupipafupi, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa m'thupi mosavuta.

Mwana woperewera ayironi ndi kashiamu amayamwa mtovu wambiri. Usipa, bonya ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, nyemba, mazira, bonongwe, chisoso, nkhwani zotendera, pamodzi ndi malambe, magwafa kapena mandimu, ndi zakudya zopezeka zomwe zimathandiza. Wochepa magazi alandire mankhwala ku chipatala. Chakudya chimachepetsa chabe zolowa m'thupi, sichilowa m'malo mwa gawo 7. Ndipo madzi okhala ndi mtovu sayera powawiritsa.

9. Bwererani, yezaninso, lembani zoona

Mwana wa nambala yotsika ayezedwenso pakatha miyezi itatu, wa pakati pa 20 ndi 44 pasanathe mwezi. Mtovu wa m'magazi umatsika ndi theka pa mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma wina umabisala m'mafupa zaka zambiri n'kumatuluka pang'onopang'ono. Mwana amene wakhala nawo nthawi yaitali amachedwa kutsika, ndiye muwafotokozere makolo zimenezi asanataye mtima. Nambala ikakwera, dziwani kuti lilipo gwero limene simunalipeze, mwina kwa agogo, kusukulu ya mkaka kapena kumsika kumene amayi amagulitsa ali naye kumbuyo.

Lipoti lanu la mwezi liyankhe mafunso awa: ana angati anapezeka ndi mtovu wokwera, nyumba zingati mwa izo zinayenderedwa, zingati zinakonzedwa, ndipo ana angati atsika. Chiwerengero cha anthu obwera kumsonkhano chisakhale pamwamba pa tsamba.

10. Letsani mtovu watsopano kulowa

Mlingo umene bungwe la United Nations loona zachilengedwe limalimbikitsa m'penti ndi wosapyola 90 ppm. Pemphani khonsolo, makomiti a sukulu ndi mipingo kuti pogula penti azifuna umboni wa mlingowu kwa wogulitsa, ndipo penti wokayikitsa mumupereke ku Malawi Bureau of Standards kapena bungwe la miyezo la dziko lanu. Chakumapeto kwa Okutobala kumakhala sabata yokumbutsana za mtovu padziko lonse, ndipo ndi nthawi yabwino yopempha mpata pa wayilesi ya m'dera.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Choyamba ndi kupereka mankhwala okoka mtovu n'kumubweza mwana m'nyumba yosakonzedwa. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, kumene ana oposa 400 anamwalira mu 2010 chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'makomo, madokotala a Médecins Sans Frontières anaumirira kuti midzi ikonzedwe kaye kuti chithandizo chikhale ndi phindu. Ngati nyumba sinakonzeke, pezani kwa wachibale kumene mwayezako kale, mwana akadikirire kumeneko.

Chachiwiri ndi kugawa ndalama mozondoka. Bajeti imathera m'misonkhano, m'mabuku ophunzitsira ndi m'maalawansi, pofika pogula simenti, kulipira galimoto yotaya dothi ndi mafuta a njinga zamoto za alangizi, thumba lauma. Patulani ndalama zokonzera nyumba tsiku loyamba, ndipo zisakhudzidwe.

Kuimba mlandu amayi ndi cholakwika china chopweteka. Mayi wokhala pafupi ndi mulu wa zinyalala za mgodi angakolope katatu patsiku mwana n'kupezekabe ndi mtovu. Mukamuuza kuti vuto ndi uve, sabweranso ku sikelo.

Ena amadikira zizindikiro. Kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kuchepa magazi, kukwiyakwiya ndi kuchedwa kulankhula zimafanana ndi matenda ena ambiri, ndipo mwana angapatsidwe mankhwala a malungo ndi a njoka za m'mimba kangapo palibe woganizira za mtovu. Phunzitsani anamwino ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono kufunsa ntchito ya makolo ndi kumene banja limakhala.

Kaundula wosalumikizana amataya ana. Dzina lili ku chipatala, nyumba ili m'buku la wa zaukhondo, ndipo banja la lendi likasamuka palibe wodziwa kumene lapita kapena amene walowa m'nyumba ija. Lembani manambala a foni awiri ndi dzina la mfumu, ndipo nyumba yoipa ikhalebe pa mndandanda ngakhale mwana woyamba uja atachoka.

Pomaliza, musaiwale anyamata aganyu amene akupala dothi ndi penti. Ayezedwe magazi asanayambe ndi akamaliza, asadye kapena kusuta ali pantchito, ndipo maovololo ndi magambuti azitsala pamalo antchito, azichapidwa komweko. Muwaikire ndowa ya madzi ndi sopo potulukira, ndipo kapitawo aziona kuti aliyense wasamba asanapite kwa ana ake.